Masamba a pa intaneti m'kalasi: zimene ndaona kuno ku Joni

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani yophunzitsa ana pogwiritsa ntchito masamba a pa intaneti ndi zipangizo zamakono, nkhani yomwe yakula kumudziko chiyambire pamene boma linayamba kufikitsa matabuleti m'sukulu za pulayimale. Ine ndine mphunzitsi wa masamu ndi sayansi. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Domasi, ndinaphunzitsa zaka 6 pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza, ndipo kuyambira mu 2014 ndakhala ndikuphunzitsa kuno ku Johannesburg, pa sukulu yaing'ono yomwe si ya boma, kumene ana a Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Congo ndi a eni nthaka amakhalira desiki imodzi. Popeza chigawo cha Gauteng, momwe muli Johannesburg, chinatsogola pa zinthu zimene ife tikuziyamba kumene, ndaona kuti n'kulakwa kungokhala chete ndi zimene maso anga aona.

Mfundo yanga ndi yakuti tsamba la pa intaneti limapindulira mwana ngati mphunzitsi wake analitsegula yekha dzulo lake, n'kuliyesa, n'kudziwa pamene lidzalowere m'phunziro ndi pamene adzalitsekere kuti ana abwerere ku makope awo. Mphunzitsi akapanda kupatsidwa mpata umenewu, ndalama zogulira makina zimakhala ngati madzi otungira m'dengu, ngakhale makinawo akhale okongola chotani.

Ndiyambe ndi ubwino wake, poopa kuti ena angandiyese munthu wodana ndi zatsopano. Ku Dedza kuja tinalibe labu. Phunziro la kayendedwe ka magetsi ndinkaliphunzitsa ndi choko, ndipo tsiku lamwayi ndinkabwera ndi mabatire awiri a tochi, babu limodzi ndi tizingwe tomwe ndinathothola m'wailesi yakufa. Ana a kutsogolo ankaona babu likuyaka, a kumbuyo ankangomva anzawo akuti “layaka”, n'kulemba zimene ndajambula pa bolodi. Kuno ndimagwiritsa ntchito tsamba la PhET, lomwe linayambitsidwa mu 2002 pa University of Colorado Boulder ndi a Carl Wieman, katswiri wa fizikisi amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Pa tsambali mwana amakoka batire, waya ndi babu ndi chala chake, n'kuzilumikiza monga wafunira, ndipo amaona timadontho ta magetsi tikuyenda m'wayamo. Tsiku lina mtsikana wa Giredi 9, wamanyazi amene sankakweza mkono ngakhale pang'ono, analumikiza mbali ziwiri za batire ndi waya wokhawokha popanda babu pakati. Batire lija linabuka moto pa sikirini. Iye anadzidzimuka n'kukankhira tabuleti kutali, kalasi yonse inafa ndi phwete, kenako aliyense anafuna kuyatsa moto wakewake. Ndinawasiya kwa mphindi ziwiri, kenako ndinawauza kuti atembenuze matabuletiwo chafufumimba, ndipo ndinafunsa chifukwa chimene batire limapsera babu likachotsedwa. Amene anayankha bwino kuposa onse anali mtsikana yemwe uja, ndipo anawonjezera kuti nyumba ya zinki ya anansi awo inapsa chifukwa cha mawaya olumikiza mwachinyengo. Phunziro limenelo sanaliiwale mpaka pa mayeso.

Koma moto wa pa sikirini uja sunabwere mwangozi. Ndinali nditakhala ndi tsambalo madzulo awiri kunyumba, ndinadziwa kuti batire limapsa, ndipo ndinasiya dala kuwachenjeza kuti wina agwere m'mbunamo. Ndinali nditalikoperanso m'matabuleti onse, pakuti zambiri za PhET zimatheka kusungidwa n'kumagwira ntchito popanda netiweki. Chimene chinaphunzitsa ana ndi funso lija lomwe linadza matabuleti atatembenuzidwa. Chikhala kuti ndinawasiya, akanatha ola lonse akuyatsa moto n'kutuluka osadziwa kanthu.

Ndikunena izi motsimikiza chifukwa ndinapsapo chala. Chaka changa choyamba kuno, nditatopa ndi kuchonga makope, ndinatsegulira ana a Giredi 8 kanema wa masamu yemwe ndinamupeza pa YouTube m'mawa womwewo, osamuonera mpaka kumapeto. Wophunzitsa m'kanemayo anali wa ku America, ndipo ankalongosola bwino ndithu, koma zitsanzo zake zinali za mamailo ndi mainchi pamene ana athu amayeza ndi makilomita ndi masentimita. Choposa apo, iye ankalemba 3.5 ndi kadontho, monga timachitira ku Malawi, pamene mabuku a ku South Africa amalemba 3,5 ndi kamchira. Kwa munthu wamkulu kusiyanaku n'kochepa, koma kwa mwana amene akulimbana kale ndi manambala a zidutswa n'kokwanira kumusokoneza mutu. Sabata yonse yotsatira ndinaithera kukonza zimene kanema wa mphindi 10 anawononga. Masamba otchuka monga Khan Academy, yomwe a Salman Khan anaikhazikitsa mu 2008, ali ndi maphunziro apamwamba aulere, ndipo ine ndemwe ndimaphunzirapo njira zatsopano zofotokozera, koma sanalembedwe motsata silabasi ya CAPS ya kuno kapena ya MSCE ya kwathu. Woti asankhe chogwirizana ndi silabasi n'kusiya chosafunika ndi mphunzitsi, ndipo kusankhako kumadya nthawi yomwe palibe amene amaiwerengera pa ndandanda wa ntchito.

Boma la Gauteng linalowa m'nkhaniyi ndi ng'oma ndi nthungululu. Mu Januwale 2015 a Panyaza Lesufi, amene panthawiyo ankayang'anira zamaphunziro m'chigawochi asanakhale mtsogoleri wa chigawo chonse mu 2022, anatsegulira ntchito ya makalasi opanda mapepala pa sukulu ya Boitumelong ku Tembisa. Mabolodi a choko anachotsedwa, m'malo mwake munakhomedwa masikirini akuluakulu okhudza ndi chala, ndipo ophunzira anapatsidwa matabuleti. Cholinga chinali chabwino, chifukwa ana a m'makomboni a anthu akuda anali atatsalira kwa zaka zambiri poyerekeza ndi a m'sukulu zomwe kale zinali za azungu. Komatu chaka chomwecho dipatimenti ya zamaphunziro inaitanitsa matabuleti 88,000 kuti ikawaikemo zotetezera, akuba atayamba kuthyola sukulu usiku ndi kulanda ana panjira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere zina zinali zosaoneka pa tsiku la mwambo: waya woduka wopanda wougula, pasiwedi yomwe inapita ndi mphunzitsi amene anasamutsidwa, maphunziro a masiku awiri okha kwa munthu amene waphunzitsa ndi choko zaka 25. Ndinapitapo pa sukulu ina kukachita nawo msonkhano wa aphunzitsi a masamu, ndipo ndinapeza sikirini yamtengo wapatali itamatidwa ndandanda wa mayeso ndi selotepi, mphunzitsi wa m'kalasimo akulemba pa kabolodi kakang'ono komwe anakatsamiritsa pa mpando. Sindinamuseke, chifukwa iye anangopeza njira yoti ana asabwerere kwawo opanda kanthu.

Za magetsi sindichulutsa, pakuti owerenga anu akuzidziwa bwino kuposa ine. Mu 2023 kampani ya Eskom inkazimitsa magetsi mosinthanasinthana pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kalasi imene inachotsedwa bolodi inkasanduka chipinda chongodikiriramo. Kwathu tikukumbuka mmene namondwe wa Ana anawonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ngati zinavuta mumzinda wolemera ngati Johannesburg, ndiye pa sukulu ya kumudzi imene mawaya a ESCOM sanafikeko n'komwe bolodi ndi choko zisachotsedwe, zivute zitani.

Chida chimene chandithandiza kwambiri pa zaka zonsezi si chooneka mochititsa kaso. Ndi tsamba la Siyavula, lopangidwa konkuno ku South Africa motsata silabasi ya konkuno, lokhala ndi mabuku aulere a masamu ndi sayansi komanso mafunso oyeserera. Mwana akayankha funso, tsambalo limamuuza pomwepo ngati wakhoza kapena walakwa, n'kumuonetsa njira yonse ya kasovedwe, ndipo akafuna kuyesanso limamupatsa funso la mtundu womwewo koma manambala ena, kotero kuti kuloweza yankho sikuthandiza. Limatseguka ngakhale pa foni yotsika mtengo, ndipo makampani a mafoni monga Vodacom ndi MTN anavomera kuti lisamadye bandulo. Kwa ine phindu lake lalikulu lili kumbali ya mphunzitsi, kumene ndimaona mutu umene mwana aliyense akupunthwapo. Panali mnyamata wina wochokera ku Mangochi amene ndinkamuyesa waulesi chifukwa ankalephera pafupifupi funso lililonse la aljebura. Nditayang'ana bwino mayankho ake a milungu itatu, ndinapeza kuti njira ankaidziwa, koma ankagwa pamalo amodzimodzi, pochotsa nambala yomwe ili kale ndi chizindikiro chochotsera. Ndinakhala naye masana awiri tikujambula mzere wa manambala pansi ndi choko, iye akuyenda chammbuyo ndi chamtsogolo pa mzerewo ngati akuvina beni, mpaka zinalowa. Makina anandilozera pamene panali bala, ndipo ndi makope 160 oti ndichonge sabata iliyonse mwina sindikanapaona msanga. Koma kutsuka balalo kunafuna munthu, choko ndi masana awiri.

Vuto limene akuluakulu okonza mapulani saliona msanga lili kunyumba. Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, pa 18 Malichi 2020 kuno ndi pa 23 Malichi kwathuko, tonse tinathamangira ku WhatsApp ndi ku Google Classroom, ndipo tinkadzitamandira kuti maphunziro sanaime. Zoona zake n'zakuti anaima kwa ana ambiri. Ndinaimbira mayi wina wa kwathu, amene amagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzindawu, kumufunsa chifukwa chimene mwana wake sankatumizira ntchito. Anandiyankha mwaulemu kuti, “Aphunzitsi, foni ndi imodzi, ndipo imagona kuno kwa abwana pamodzi ndi ine. Mwanayo amaiona Loweruka madzulo.” Ndinasowa chonena. Ambiri mwa Amalawi a ku Diepsloot, ku Cosmo City kapena ku Rosettenville amagwira ntchito za m'munda wa maluwa, za ulonda ndi za m'nyumba, amalipira lendi ya chipinda chimodzi, amatumiza kangachepe kumudzi, ndipo bandulo amagula ya tsiku limodzi. Mphunzitsi akatumiza kanema wa mphindi 20 ngati homuweki, amakhala watumiza bilu kwa makolo osawafunsa. Kuchokera nthawi imeneyo ndinadziikira lamulo lakuti chilichonse chofuna intaneti chichitikire pa sukulu, ndipo cha kunyumba chikwane pa pepala. N'chifukwa chake sindinapeputse maphunziro a pa wailesi ya MBC omwe ana a kumudzi ankamvera nthawi ya mliriyo. Wailesi imodzi imakwanira ana a mabanja atatu pansi pa mtengo wa mango, ndipo siifunsa bandulo.

Pali chinanso chatsopano chimene sitingachibise. Kuyambira pamene ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu, inatulukira mu Novembala 2022, ndiponso chifukwa cha mapulogalamu monga Photomath omwe amasova samu ukangoijambula ndi foni, homuweki yasiya kundiuza zoona za mwana. Ndimalandira makope oyera bwino, njira zonse zolondola, koma mwini kope ukamuimika pa bolodi satha kufotokoza mmene anachokera pa mzere woyamba kufika pa wachiwiri. Kuletsa n'kosatheka, popeza foniyo ili m'thumba mwake. Chimene ndimachita n'chakuti Lolemba lililonse ndimatola makope atatu mwachisawawa, eni ake n'kubwera kutsogolo kudzaphunzitsa anzawo funso limodzi. Nthawi zina ndimabweretsa yankho lolakwika la makinawo, pakuti amalakwitsa ndithu ndipo amalakwitsa molimba mtima, n'kuwauza ana kuti apeze pamene pakhota. Ana amakondwa zedi akagwira makina akunama.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya chilankhulo. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a Giredi 4 ku South Africa satha kuwerenga n'kumvetsa zimene awerenga m'chilankhulo china chilichonse. Mwana wotere ukamupatsa intaneti, imene mbali yake yaikulu ili m'Chingerezi, amangodina zithunzi ndi kudumpha mawu. Ana a Amalawi obadwira kuno ali pamphanda yovuta koposa: kunyumba amamva Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, panjira amayankhula Chizulu, m'kalasi amalemba Chingerezi, ndipo ambiri palibe chimene amachiwerenga mozama. Kutchalitchi kwathu, mapemphero akatha, timasonkhanitsa ana aang'ono kwa theka la ola n'kuwawerengera nthano za pa tsamba la African Storybook, lomwe linayambitsidwa ndi bungwe la Saide la konkuno ku Johannesburg ndipo lili ndi timabuku taulere ta zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo chathu. Timasindikiza masamba ochepa pa pepala kuti mwana apite nawo kunyumba. Kamnyamata kena ka zaka 7 katamaliza kuwerenga chiganizo chake choyamba cha Chichewa kanafunsa amayi ake kuti, “Kani zimene mumayankhula ndi agogo pa foni zimalembedwanso?” Amayiwo anaseka, koma m'maso munali misozi. Timabuku ta Chichewa pa tsambali tikadali tochepa poyerekeza ndi ta Chingerezi, ndipo ena amene amafuna kufupikitsa ntchito amangothira nthano ya Chingerezi mu Google Translate, yomwe inayamba kumasulira Chichewa mu 2014. Zotuluka zake mwana wa ku Ntcheu sangazizindikire kuti ndi chilankhulo cha amayi ake. Nthano zimenezi ziyenera kulembedwa ndi aphunzitsi ndi alembi athu, ndipo alipidwe pa ntchitoyo.

Apa ndi pamene ndikuyamikira njira imene dziko lathu latenga ku pulayimale. Pulogalamu ya bungwe la onebillion, yomwe inayesedwa koyamba pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013 ndipo mu 2019 inapambana nawo mpikisano wa Global Learning XPRIZE, imayankhula ndi mwana m'Chichewa, imagwira ntchito popanda netiweki, ndipo matabuleti ake amatchajidwa ndi sola. Ndondomeko ya BEFIT, imene inayamba mu 2023, ikufuna kufikitsa zimenezi kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Pa zinthu zitatu zimene zinavutitsa Gauteng ndi makolo a kuno, chilankhulo, bandulo ndi magetsi, okonza ndondomekoyi anaganizapo bwino. Nkhawa yanga ili pa chachinayi. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana anakhamukira kusukulu, mphunzitsi wa Sitandade 1 wakhala akuyang'anizana ndi chikhamu cha ana, ena atakhala pansi, ena panja. Mphunzitsi wotere akhoza kuona ola la matabuleti ngati mpata wopumira, ndipo ndani angamudzudzule? Koma akatero, zimene mwana wachita pa tabuleti sizikumana ndi zimene akuphunzira pa bolodi, ndipo mwana amene wakakamira pa phunziro limodzi kwa mwezi wathunthu sadziwika. Dziko la Peru linagawa malaputopu mazanamazana a zikwi kwa ana a sukulu, ndipo ofufuza atabwerera sanapeze kusintha pa masamu ndi kuwerenga, mwina chifukwa makinawo sanalumikizidwe ndi kaphunzitsidwe ka m'kalasi.

Tsono pempho langa kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndi a Malawi Institute of Education ndi lakuti pa ndalama iliyonse yogulira makina pakhale gawo lolembedwa poyera la kuphunzitsa aphunzitsi mobwerezabwereza, m'zoni zawo momwemo, ndi ola limodzi pa sabata lomwe mphunzitsi azikhala ndi chidacho payekha ana asanachigwire. Ophunzira a m'makoleji a uphunzitsi azituluka atagwiritsapo kale ntchito mapulogalamu omwe akawapeze kusukulu. Ku sekondale, kumene labu ndi mabuku n'zosowa, sitikufunika kudikira matabuleti a mwana aliyense. Laputopu imodzi, pulojekita ndi sola, zokhala ndi PhET ndi pulogalamu ya masamu ya GeoGebra zokoperedwa kale, zikhoza kusintha phunziro la sayansi pa sukulu yoyendera ngati ija ndinasiya ku Dedza. Kuno dipatimenti ya zamaphunziro imaika mapepala a mayeso omaliza a ku sekondale, otchedwa matiriki, a zaka zam'mbuyo pa tsamba lake pamodzi ndi mayankho ake, aliyense n'kumakopera mwaulere. Ndikupempha a MANEB kuti mapepala onse a PSLCE, JCE ndi MSCE azipezeka chimodzimodzi pamalo amodzi, ndipo a MACRA akambirane ndi TNM ndi Airtel kuti tsamba lotero lisamadye bandulo. Mphwanga amene akuphunzitsa kumudzi amandijambulira mapepala akale ong'ambika n'kunditumizira pa WhatsApp kuti ndimuthandize kukonza mayankho, ndipo nthawi zina funso lomaliza limakhala litadyedwa ndi chiswe.

Ndikanakonda, a Mkonzi, kuti mtolankhani wanu akayendere sukulu zingapo zimene zinalandira matabuleti m'chaka choyamba, osati pa tsiku la alendo, koma Lachitatu wamba m'nyengo ya mvula. Akawerenge matabuleti amene akuyaka ndi amene ali m'bokosi, akafunse amene amaimbiridwa foni batire la sola likafa ndi masiku amene amatenga kuti afike, ndiponso akafunse mphunzitsi wa Sitandade 2 ngati angatchule ana atatu a m'kalasi mwake amene pulogalamuyo ikuonetsa kuti atsalira. Zimene akapeze mudzazisindikize m'nyuzipepala ino, ife a kuno tidzaziwerenga.

Ndine wanu,

Mphunzitsi wa masamu ndi sayansi,
Rosettenville, Johannesburg